Supuni Imene Inathamangitsa Alamu Anga

1

Ndine mtsikana wofatsa. Funsani aliyense ku Vubwi, akuuzani. Kusukulu aphunzitsi akandifunsa funso, ndinkayankha desiki. Kutchalitchi ndimaimba ndi milomo yokha, mawu amatsalira m'mimba. Ndiye mtsikana wofatsa yemweyu anatsala pang'ono kuthetsa banja la mkulu wake. Osati ndi miseche, osati ndi mankhwala, osatinso ndi zimene mwayamba kale kuganizazo, inu a maganizo othamanga. Ndi supuni. Supuni ya tiyi, yopindika pang'ono kumchira.

Mpaka mwezi watha nkhaniyi tinkaidziwa anthu awiri, ine ndi Prince, mwana wa mkulu wangayo. Koma Prince ali ndi miyezi isanu ndi itatu ndi mano awiri, sangachitire munthu umboni.

Dzina langa ndine Ireen. Ndinalemba giredi 12 chaka chatha. Maphunziro onse anandilandira bwino, kupatula masamu amene anandikana ngati mwana wa mkazi mnzake. Nditabwerera kumudzi ndinapeza kuti tsogolo langa anthu achifundo anandikonzera kale, ndipo linali ndi dzina: Ezekieli. Zaka makumi atatu ndi zinayi, ng'ombe zinayi, ngolo, nyumba ya malata, ndi mkazi woyamba amene anathawira ku Mozambique pa zifukwa zimene aliyense ankatsokomola akafunsidwa.

Amayi sanandikakamize, ndisawanamizire. Ankangotchula dzina lakelo katatu patsiku ngati mankhwala a kuchipatala.

"Ezekieli wagula sola."

"Thonje la Ezekieli chaka chino, mayo ine!"

"Ezekieli akuti ukudwala kodi, sakukuona kumjigo."

Ine ndinkangoyang'ana zala za kumapazi. Tsoka lake, kwathu mtsikana akayang'ana pansi amati wavomera.

Kenako mu Meyi foni ya amayi inalira. Anali asisi anga a Edith, ku Katete. Mawu awo anali ngati a munthu wolankhulira m'chitsime.

"Amayi, nditumizireni Ireen. Mwanayu atipha. Sagona."

"Nanga adzabwerako liti? Kuno anthu akumudikira."

"Mwana akangoyamba kugona bwino, adzabwerako."

Mawu amenewo muwasunge. Ine ndinawasunga.

2

Asisi amasoka zovala pamsika wa ku Stores. Amuna awo, alamu a Tobias, amagulitsa mbewu ndi feteleza mu shopu ya munthu wina. Nditafika ndinapeza anthu awiri oyenda ngati angochira malungo. Asisi anali atasokerera thumba la yunifomu chazondoka. Alamu ndinawaona ndi maso anga akuthira mchere mu tiyi, n'kumwa mpaka kumaliza, n'kuthokoza.

Mwini nyumba weniweni anali ndi miyezi inayi. Masana tulo take tinali ta nkhuku: kutsinzina, mphindi makumi awiri, maso gwa. Usiku ankadzuka kasanu, mwina kasanu ndi kawiri, mokhulupirika kuposa mlonda aliyense amene ndinamuonapo. Ntchito yanga inali kukhala naye masana, asisi n'kumathamangira kunyumba kudzayamwitsa, ndipo usiku akayamwa n'kukanabe kugona, ndinkamubereka n'kumazungulira pabalaza.

Musanamvere chisoni kuti tinalibe thandizo, dziwani kuti Katete ili ndi madokotala ambiri kuposa odwala. A Flora, oyandikana nawo nyumba, anayeza mkaka wa asisi ndi maso kuchokera kuseri kwa mpanda n'kupeza kuti ndi wamadzimadzi. Amayi ogulitsa tomato analamula Baibulo pansi pa pilo, lotsegula pa Masalimo. Adikoni anabwera kudzapemphera, ndipo anafuula mwamphamvu moti anadzutsa ana a nyumba zitatu amene anali atagona bwinobwino. Wina anati mwana akulikana dzina, la Prince lamulemera. Kwa masiku atatu tinamuitana Gift. Gift nayenso sankagona.

Ndisaiwale. Kumayambiriro kwa Juni kunabwera masiku anayi odabwitsa. Mwana anagona masana, anagona usiku. Asisi anayamba kudzola mafuta kumaso, alamu anaimba mluzu posamba. Adikoni anayenda mutu uli m'mwamba sabata yonseyo. Tsiku lachisanu zinthu zinabwerera mwakale, n'kuposerapo, ndipo adikoni anafotokoza kuti chikhulupiriro chathu chinali chochepa.

Malo amodzi okha amene Prince ankatonthola anali kumsana kwanga.

"Ireen ali ndi msana wabwino," a Flora anatero. Imeneyo inali satifiketi yanga yoyamba yopanda masamu.

"Iwe ukanapanda kubwera, ine bwenzi ndili ku Chainama, kuchipatala cha amisala," asisi ankatero, akundipatsa chiwalo chachikulu cha nkhuku.

Ine ndinkayang'ana pansi. Ndinkaikonda Katete. Kunali magetsi, masiku amene afuna kubwera. Kunali buku lakale la masamu la alamu, limene ndinkawerenga mwana ali kumsana, pokonzekera kudzalembanso. Ndipo mtunda wonse wochokera pa Stores mpaka kunyumba, panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa mtengo wa sola ya Ezekieli.

3

Mu Julayi alamu anayamba kuchedwa. Shopu imatseka seventini awazi, ndiye kuti 5 koloko madzulo, iwo n'kumafika twente, 8 koloko usiku, tsaya lili ndi mizeremizere, malaya atakwinyika, maso owala ngati munthu amene zinthu zikumuyendera kwinakwake. Asisi ankaona, koma analibe mphamvu zofunsira.

Mwezi womwewo kusikelo anati mwana sanakwere. Sanatsike, koma mzere wa pakhadi unagona chammbali. Pa anthu onse a m'nyumbamo, mzere wokhawo ndiwo unagona.

Nkhani inafika ku Sinda, kwawo kwa alamu, ndipo Lachitatu lotsatira amayi awo a alamu, a Agatha, anatsika minibasi ndi thumba la mtedza ndi chigamulo chokonzeratu. Anamuvula mwana, anamutembenuza uku ndi uku ngati nkhuku ya pamsika, anamukanikiza masaya ndi mapazi.

"Amake Prince, khalani pansi. Mwanayu munamutenga?"

Asisi anandiyang'ana, kufuna kuti ndituluke. A Agatha anakweza dzanja.

"Musiyeni, wakula uyu. Amve, mawa ndi zake."

Kwa inu okulira m'tauni: kwathu mwana akabadwa, bambo ndi mayi sayandikana mpaka tsiku la mwambo wotenga mwana. Bambo akalephera kupirira n'kupita kwa mkazi wina nthawi imeneyo, amati watsempha mwana. Mwanayo amalira, amafooka, sakula.

"Sitinamutengebe, amayi," asisi anayankha. "Ndi kulira kumeneku, timutenga nthawi yanji?"

"Ehe. Nanga atate ake amafika nthawi yanji?"

Kuseri kwa mpanda tsache la a Flora linasiya kusesa.

"Ndinadziwa ine," a Agatha anawomba m'manja kamodzi. "Ili ndi tsempho. Musataye nthawi ndi zipatala. Tobias ndinabala ndine, ndipo atate ake ndinakhala nawo zaka makumi atatu. Mtengo wa mango subala mapeyala."

Sindinaonepo mayi wokondwa chotero pogwira mwana wake ndi mlandu. Zinkaoneka kuti mlandu umene amuna awo anafa asanauyankhe wapeza wolowa m'malo.

Ine ndinali pakhomo la khitchini, Prince ali kumsana, ndikutsuka makapu. Ndinatsuka kapu imodzi ya buluu mpaka inayamba kulira.

4

Alamu atafika anapeza khoti litakhala kale.

"Munali kuti, atate a Prince?" asisi anafunsa.

"Nenze ku shopu," alamu anayankha m'Chinyanja chawo cha m'tauni.

"Shopu yake iti? Imene ndinadutsapo dzulo seventini sate n'kupeza loko?"

Alamu anayang'ana amayi awo, anayang'ana ine, anakanda m'mutu. Kenako ananena chinthu chimene ngakhale mwana wa giredi wani akanapeka chabwinoko.

"Nenze gone. Mu sitolo, kumbuyo. Pa matumba ya feteleza."

A Agatha anaseka mpaka anatsamwa. Anayamba kuwakalipira m'Chichewa, mkwiyo utakula anasamukira ku Chinsenga.

"Pa feteleza! Atate ako ankati ali kumaliro. Iwo ankayesako kuganiza. Ndiye fetelezayo dzina lake ndani? Amakhala komboni iti?"

"Amama, nikamba zoona. Kuno sinigona. Nikatseka shopu, nimalowa mukati, nagonako pang'ono chabe..."

"Mumagona," asisi anatero motsitsa. Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinandiopsa. "Ine ndikusoka ndi diso limodzi, mwana wa eni uyu akuzungulira pabalaza usiku wonse, inu mumagona. Mukhale kuti mukunama, ndinu wachigololo. Mukhale kuti mukunena zoona, ndinu chiyani?"

M'mawa mwake asisi anawalongedzera chikwama. Anagwirizana kuti ankhoswe akumane Loweruka la sabata yachiwiri: amalume athu a Webby achokere ku Vubwi, a kwa alamu achokere ku Sinda. Kufikira tsikulo alamu asaponde pakhomo, asakhudze mwana. Asisi ananena poyera kuti ngati ndi tsemphodi, banja latha, chifukwa chigololo angakhululuke koma osati chopha nacho mwana wawo.

Alamu ananyamuka ndi chikwama. Pageti anatembenuka kufuna kutsanzika mwana, amayi awo anaima pakati ngati wapolisi wa pamsewu.

Madzulo ake asisi anakhala pamphasa, mashini osokera ali duu, nsalu za anthu odzavala pa mwambo wa Kulamba zili mulu. Anandigwira dzanja.

"Ireen, ndinkayesa ndinakwatiwa ndi munthu. M'nyumba muno wondimvera chisoni ndiwe wekha. Iwe sungandinamize."

Ndinayang'ana pansi. Iwo anayesa ndavomera.

5

Tsopano ndikuuzeni za masiku anayi aja. Sanali adikoni. Ndinali ine.

Kumapeto kwa Meyi asisi anandituma kusikelo ndi mwana, iwo atapanikizika ndi mayunifomu. Anesi ena achikulire anaona maso anga ofiira n'kundifunsa ngati mwana amagona. Ndinapukusa mutu. Anandikhazika pabenchi.

"Tamvera, mwanawe. Khanda la msinkhu uwu lisakhale maso kupitirira maola awiri. Ukaona akuyasamula, akutikita maso, akukoka khutu, usadikire kuti alire. Akalira ndiye kuti wachedwa kale. Mulowetse m'chipinda, tseka katani, mugoneke chagada pamalo ake omwewo, kanyimbo komweko tsiku lililonse. Akadzidzimuka pakati, usathamangire kumunyamula. Ika dzanja pachifuwa, dikira pang'ono, kawirikawiri amapitiriza yekha. Anthu amati mwana akatopa kwambiri masana ndiye agona bwino usiku. Bodza limenelo. Mwana wotopetsetsa ndiye sagona. Tulo timabala tulo."

Masamu anandikana, koma izi ndinazimva kamodzi. Ndinachita zonse, n'kuwonjezapo yanga: ndinkatsegula wailesi pakati pa masiteshoni, pamene imangoti shiii, kuti iphimbe mawu a a Flora. Tsiku loyamba Prince anagona ola ndi theka. Lachitatu lake usiku anadzuka kawiri kokha. Ndinkafuna kuwauza asisi, koma ndinkadikira kuti mawu akwere kuchoka m'mimba.

Tsiku lachinayi madzulo ndikutsuka mbale, ndinawamva pa foni ndi amayi.

"Akugona, amayi, Mulungu ndi wabwino. Zikapitirira chonchi, kutha kwa mwezi Ireen abwera." Anaseka. "Ee, muwauze a Ezekieli asaonde."

M'mawa mwake Prince anagona nthawi yake, kukamwa kuli yasa, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Ine ndinaima pambali pake ndi kapu ya buluu. Munali madzi a mu ndowa yogona panja, ndipo mukudziwa mmene madzi a mu Juni amalumira. M'kapumo munali supuni.

Ndinaitulutsa, ndinaipukuta pa chitenje, ndinamukhudza nayo kuphazi, pofewa paja. Kamodzi kokha.

Sanalire. Anatsegula maso, anandiona, anamwetulira. M'malo mwa kumwetulira kumeneko, ndikanakonda akanandiluma.

Kuyambira tsiku limenelo, tulo tilitonse ta masana ndinkatipatsa mphindi makumi awiri, ndikuyang'ana nthawi pa foni, kenako supuni. Usiku supuni sinkafunika. Anesi aja sananame: mwana wosagona masana ankadzidzukira yekha, wotopa, wokwiya, wofuna msana umodzi wokha pa dziko lonse. Ine n'kuthamanga, n'kumubereka, n'kulandira chiwalo cha nkhuku.

Miyezi iwiri. Sindinamumenye, sindinamutsine, sindinamumwetse kanthu. Ndinkadziuza zimenezi tsiku lililonse, ngati mbava yonyadira kuti polowa sinathyole chitseko.

6

Tsiku limene alamu anachoka ndi chikwama, supuni ndinaibweza m'kabati. Ndinati basi, ndalapa. Mwana agone, akwere sikelo, a Agatha aone kuti si tsempho, alamu abwerere. Ine ndipite kwa Ezekieli wanga ndi sola yake, koma pakamwa panga pakhale potseka. Ndinaona ngati ndapeza njira yolapira yosafuna kulankhula. Ndinadziyamikira nzeru.

Mukuona kale pamene masamu anandikaniranso?

Ndinatseka katani, ndinatsegula wailesi, ndinaimba kanyimbo kaja. Tsiku loyamba anavuta. Lachiwiri anagona ola. Pofika tsiku lachinayi Prince anagona maola awiri masana, usiku n'kudzuka kamodzi, kuyamwa, kugonanso ngati munthu wopanda mlandu ndi aliyense.

A Agatha anatuluka panja m'mamawa n'kuimba nthungululu.

"Mwaona? Mwaona, amake Prince? Wangochoka mwini tsempho, mwana wagona! A Flora, bwerani mudzaone!"

A Flora anali atafika kale. Pofika masana, msika wonse wa Stores unali utadziwa kuti mwana wa telala wachira atate ake atathamangitsidwa. Ena anali atamudziwa kale mkaziyo: wina anati ndi wa mu saluni, wina anati ndi wa ku Chanida, wamtali, woyera. Asisi sanaimbe nthungululu. Anayang'ana mwana wawo ali m'tulo, misozi ikutsika, n'kunena kuti, "Ndiye zinali zoona."

Kulapa kwanga kunawamanga alamu kuposa tchimo langa.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti ankhoswe akumane, asisi anandituma kukasiya malaya otsala ku shopu. Ndinafika akutseka. Alamu anandilowetsa kumbuyo. Pakona panali matumba a feteleza asanu ndi limodzi oyalidwa bwino, pamwamba katoni, ndi juzi yopindidwa ngati pilo. Katoniyo inali itatenga kale maonekedwe a munthu. Sinali ya sabata imodzi. Pa matumbapo panali mizeremizere, yomweyo ndinkaiona patsaya lawo.

"Ndiye mkazi wanga wachiwiri uyu, mlamu," anatero, akumenya thumba. "Mupatse moni. Ni D Compound."

Anaseka okha. Kenako anafunsa chimene ankafuna kufunsa.

"Nanga mwana? Nimvela ati agona."

"Akugona, alamu."

"Usiku onse?"

"Amadzuka kamodzi."

Nkhope yawo inawala, kenako inazima pang'onopang'ono ngati magetsi athu. Anakhala pa matumba paja.

"Mlamu, ine sininagonepo na mukazi wina. Mulungu aona. Koma manje niganiza, mwina pali chamene nili nacho. Mwina mwana amvela kuti tate wake anamuthawa. Mwana wanga agona ngati ine kulibe." Anapukuta m'maso ndi malaya amene ndinabweretsa. "Pa Saturday sinizakana chilichonse. Ngati agona bwino ine kulibe, ni bwino nisabwele. Iwe umusamale chabe. Uli na mutima wabwino, iwe."

Anthu a m'banja limeneli ali ndi matenda amodzi: amayamikira munthu pa nthawi yolakwika.

Ndinatsegula pakamwa. Munatuluka mpweya wokha. Ndinati, "Zikomo, alamu," n'kubwerera kunyumba.

7

Inu owerenga, ndikudziwa mwandiweruza kale, ndipo simunalakwe. Koma musanatseke magazini ino, werengani nane mawu awa: "Asisi, Ezekieli sindikumufuna, ndisungeni kuno." Asanu. Ngakhale ine wolephera masamu ndawawerenga bwino. Mawu asanu amenewo anandilemera kwambiri, moti ndinaona chapafupi kulanda khanda tulo miyezi iwiri, kulanda mayi ake nzeru, ndi kugoneka atate ake pa feteleza. Kwathu amatiphunzitsa kuti mtsikana wabwino ndi wosayankha. Palibe amafunsa kuti mawu osayankhidwawo amapita kuti. Sasowa ayi. Amatsikira m'manja.

Ndiye mukakhala ndi mtsikana wofatsa pakhomo panu, musamangomuyamikira msana. Mufunseni chimene akuopa, ndipo akayang'ana pansi musati wavomera. Mukakhalanso ndi mwana wosagona, musanaitane adikoni, musanasinthe dzina, musanathamangitse mwamuna, yambani mwatseka katani.

Ndikulemba izi ndili ku Vubwi. Ndinabwera ndi amalume a Webby, amene njira yonse sanandilankhule koma ankangoti "supuni" n'kupukusa mutu. Alamu anabwerera m'nyumba mwawo tsiku lomwelo la ankhoswe. A Agatha akuti supuni kapena ayi, Tobias ayang'aniridwebe. Ezekieli ndinamuuza ndekha pamjigo, pamaso pa amayi asanu ndi mmodzi, kuti sola yake akawalitsire wina. Pakamwa pakangotseguka kamodzi, chitseko chake sichibwereranso bwino. Asisi sanandiimbirebe foni. Koma sabata yatha dalaivala wa galimoto ya ku Chipata anasiya kaphukusi pa sitolo: buku lija la masamu. Munalibe kalata. Dzina langa lokha pa pepala lokutira, ndipo zilembo zake ndi za munthu amene amalemba miyeso ya madiresi.

Zotsalazo ndi za Loweruka lija, ndipo ndazisungira kumapeto chifukwa ndi pokhapo m'nkhani yonseyi pamene ndinachita chinthu chovuta.

Mipando yobwereka inali itayalidwa pansi pa mtengo wa mango. Amalume anali atakhala, a ku Sinda atakhala, a Agatha ali pamphasa atamanga duku la kutchalitchi. Alamu anakhala pa njerwa patali pang'ono, manja ali pakati pa mawondo. A Flora ankasesa malo amodzimodzi kuyambira m'mawa. Prince anali m'chipinda, katani yotseka, wailesi ikuti shiii.

Ine ndi asisi tinali m'khitchini tikukonza tiyi wa alendo. Maso awo anali otupa, koma anali atavala diresi yawo yabwino, ngati munthu wopita kukaika maliro a munthu wolemekezeka.

"Ndipatse supuni," anatero.

Ndinatsegula kabati. Masupuni analipo asanu ndi imodzi. Dzanja langa linatenga yopindika kumchira. Ndinaigwira osaipereka.

"Iwe, supuni. Anthu akudikira."

"Asisi..."

"N'chiyani?"

Ndinanena. Ndikulumbira kuti ndinanena, koma ndinauza simenti ya pansi.

"Ukuti chiyani? Ireen, lero ndilibe mphamvu zomvera udzudzu. Ngati uli ndi mawu, lankhula ngati munthu."

Ndinadzutsa mutu. Ndinawayang'ana m'maso, koyamba chibwerereni ku Katete. Mawu anakwera kuchoka m'mimba onse pamodzi, aakulu kuposa mmene ndinkafunira, moti panja amalume anasiya chiganizo pakati, tsache la a Flora linagwa, ndipo kuchipinda Prince anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Kameneko kanali komaliza kumudzutsa ine.

"Ndati alamu sanatsemphe mwana, asisi. Ndine ndinkamudzutsa. Tsiku lililonse, ndi supuni iyi, kuti musandibweze kumudzi."